Vinyo wa Timorasso: Kuona Maso a Nkhono Nkudekha

Kuweruza chinthu chotchuka nkosavuta, pakuti ena adatiweruzira kale ndipo ife timangovomereza. Ntchito imakula pamene chinthu chafika pamaso pathu chopanda mbiri, chopanda wochilankhulira, ndipo tiyenera kunena tokha ngati nchabwino kapena ai. Pamenepo mpamene munthu amadziŵika ngati ali ndi diso ndi lilime lakelake, kapena ngati amangolondola mapazi a gulu. Mwezi uno tiyesa ntchito yotereyi pa vinyo woyera wa ku Italy wotchedwa Timorasso, amene ngakhale anthu ambiri a ku Italy komweko sadamulaŵepo.

Ambiri a ife vinyo timamuonera patali, pa guwa kapena pa phwando la ukwati wa m'tauni, ndipo wina angafunse kuti nkhani yotere itipindulira chiyani. Koma taonani mai wodziŵa kuphika thobwa. Iye akangonunkhiza mtsuko amadziŵa ngati chimera chidamera bwino, ngati phala lidapsa, ndiponso ngati thobwalo lifika maŵa lisanasase. Luso la wolaŵa vinyo ndi lomwelo, kungoti lasamukira ku chipatso china. Tinenenso poyamba kuti vinyo amene amatchedwa woyera sayera ngati mkaka. Maonekedwe ake ndi a udzu wouma, ndipo amatero chifukwa madzi a mphesa amalekanitsidwa ndi makoko ake asanayambe kuŵira.

Kwao kwa vinyoyu

Kumpoto chakumadzulo kwa Italy kuli chigawo cha Piemonte, ndipo kum'maŵa kwa chigawocho, pa njira yochokera ku Milano kupita ku doko la Genova, kuli mzinda wa Tortona, m'mbali mwa mtsinje wa Scrivia. Mzindawu ngwakale kwambiri. Aroma ankautcha Dertona zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo nchifukwa chake alimi a masiku ano amalemba dzina loti Derthona pa mabotolo ao. Kuseri kwa mzinda kumayamba zitunda zimene zimakwera pang'onopang'ono mpaka kukafika ku mapiri a Appennini, zitang'ambidwa ndi zigwa za Curone, Grue, Ossona ndi Borbera.

Dothi la m'zitundamo ndi makande otuŵa osakanikirana ndi njereza, matope a pansi pa nyanja imene idaphwa kalekale. Akatswiri a miyala adatenga dzina la mzindawu nkulipereka kwa nyengo yonse ya mbiri ya dziko lapansi, imene amaitcha Tortonian, ya pakati pa zaka 11 miliyoni ndi 7 miliyoni zapitazo. Dothi la mtundu womwewu limapezekanso m'minda ina ya ku Barolo, kumene kumachokera vinyo wofiira wodula wa chigawochi. Makande amasunga chinyezi m'chilimwe, ndipo mphepo yozizira yotsika m'mapiri usiku imathandiza mphesa kuti zipse zisanataye kuŵaŵasa kwake.

Dera limeneli kunja limadziŵika kwambiri chifukwa cha anthu ake kuposa vinyo wake. Luigi Orione Woyera adagona ku Tortona. Fausto Coppi, katswiri wa mpikisano wa njinga amene adapambana Tour de France mu 1949 ndi 1952, adabadwira m'mudzi wa Castellania pa zitunda zomwezi, ndipo adamwalira ku Tortona mu 1960 ndi malungo amene adaŵatenga ku Upper Volta, dziko limene lero ndi Burkina Faso. Zidzukulu zake zimalima Timorasso m'mudzi womwewo.

M'mene mbeu idatsalira pang'ono kutha

Dziko la Italy lili ndi mitundu ya mphesa za vinyo yoposa 500 yolembedwa m'kaundula wa boma, koma m'masitolo a kunja mumamveka maina oŵerengeka okha, monga Pinot Grigio, Soave ndi Prosecco. Timorasso kale adali mbeu ya ponseponse m'zigwa za ku Tortona. Tsoka lidayamba ndi kachilombo kotchedwa phylloxera, konga nsabwe za m'masamba koma koyamwa mizu, kamene kadachokera ku America, nkuononga minda ya ku France m'zaka za m'ma 1860, nkupezeka ku Italy mu 1879. Mankhwala ake adali amodzi okha: kuzula munda wonse ndi kumezanitsa mipesa ya ku Ulaya pa mizu ya mipesa ya ku America, imene kachilomboko sikaipha.

Tsono mlimi amene wazula munda wake wonse amafunsa funso limodzi, lakuti abzalenso chiyani. Timorasso adalephera pa funso limeneli, ndipo tisafulumire kuŵadzudzula alimiwo. Mpesa wake ngwovuta. Umaphuka nthambi zambirimbiri zofunika kuzithyola ndi manja. Maluŵa ake ena amayoyoka osabereka, kotero kuti chaka china zokolola zimachuluka, chaka china zimachepa. Pa tsango limodzi pamakhala mphesa zazikulu ndi zazing'ono zopsa nthaŵi zosiyana, ndipo zikathithikana mvula nkugwa pafupi ndi nthaŵi yokolola, zimachita chuku nkuwola. Munthu wa ana asanu ndi ngongole sangaike moyo wa banja lake pa mbeu yotere. Choncho adabzala Barbera wa vinyo wofiira ndi Cortese wa vinyo woyera, mitundu yobereka kwambiri ndi yosavuta kusamala. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha mu 1945, achinyamata adatsikira ku mafakitale a ku Milano, Torino ndi Genova, ndipo minda ya m'zitunda idasanduka tchire. Pofika zaka za m'ma 1980, Timorasso adangotsala mizere yoŵerengeka apa ndi apo, yonse pamodzi yosakwana hekitala imodzi.

Amene adatembenuza zinthu ndi Walter Massa, mlimi wa m'mudzi wa Monleale. Mu 1987 iye adapatula mphesa za Timorasso za m'munda wa makolo ake, zimene kale zinkangosakanizidwa ndi zina, nkuzipanga vinyo pazokha, mabotolo mazana oŵerengeka chabe. Chimene adatulukira m'zaka zotsatira nchakuti mabotolo amene adagonera m'chipinda zaka zingapo ankakoma kuposa atsopano. Sadabise nzeruyo. Adalimbikitsa anansi ake kubzala, ndipo alimi monga Claudio Mariotto ndi banja la munda wa La Colombera adamtsatira. M'zaka zaposachedwapa minda ya Timorasso yapitirira mahekitala 300.

Diso, mphuno ndi lilime

Mabotolo amene ndikuweruza pano ndi aŵiri, ochokera m'munda umodzi ndi m'manja mwa mlimi mmodzi. Loyamba lakhala zaka ziŵiri chikololere mphesa, lachiŵiri zaka zisanu ndi zitatu. Onse adapangidwa monga momwe alimi ambiri a kumeneko amachitira: madzi a mphesa amaŵira m'mathanki achitsulo, osati m'migolo yamatabwa, kenaka vinyo amasiyidwa miyezi yambiri atakhala pa nsenga zake, ndiye kuti yisiti yakufa imene yadikha pansi, ndipo nthaŵi ndi nthaŵi amamuvundula. Nsengazo zimampatsa thupi, monga momwe masese amalemeretsera chakumwa cha chimera.

Tiyambe ndi diso. Vinyo wamng'onoyo ngwoŵala ngati udzu wofolera wongomweta kumene, ndipo m'mphepete mwake muli kobiriŵira pang'ono. Wamkuluyo wada, wafika pa mtundu wa uchi wongofula. Ukapendeketsa tambula nkuiimikanso, madontho amatsika mwaulesi m'mbali mwa galasi. Anthu ena amayesa kuti chimenechi nchizindikiro cha ubwino, koma chimangosonyeza kuti vinyoyo ngwamphamvu. Diso limatiuza msinkhu ndi mphamvu basi. Za ubwino lilibe mau.

Pa mphuno mpamene mlandu wa vinyoyu umavuta. Botolo laling'ono likangotsekulidwa, makamaka ngati lazizira kwambiri, limakhala chete ngati mkamwini wongofika kumene pa mudzi. Munthu wopupuluma anganene kuti mulibe kanthu. Koma pakapita mphindi makumi aŵiri, vinyo atapuma mpweya ndi kufunda pang'ono, kumayamba kumveka kafungo ka khungu la ndimu, kenaka ka pichesi losapsetsa, ndipo pambuyo pake ka maluŵa oyera a m'tchire. Pansi pa zonsezi pali fungo lina louma, longa la mwala wonolera mpeni ukathiridwa madzi. Botolo lalikulu lilibe manyazi otere. Zipatso zija zabwerera m'mbuyo, ndipo patsogolo pabwera uchi, phula la njuchi, udzu wouma wa m'nkhokwe, fungo la miyala iŵiri ikagundana, ndiponso, musadabwe, kafungo ka palafini. Sikuti wina adathiramo kanthu. M'makoko a mphesa zoombedwa ndi dzuŵa muli zinthu zimene zimasungunuka pang'onopang'ono m'botolo nkubala fungo limeneli, monga zimachitikiranso ndi vinyo wa Riesling wa ku Germany akakalamba. Likakhala pang'ono limakometsa, monga utsi umakometsera nsomba. Likachuluka limaphimba zonse. M'botolo ili lidali pa muyeso wake.

Tsopano lilime. Vinyoyu satsekemera konse, pakuti shuga yense wa m'mphesa adasanduka mphamvu poŵira. Choyamba kumveka ndi kulemera: amadzaza m'kamwa monga amachitira vinyo wofiira. Usanathe kudabwa ndi kulemerako, kumabwera kuŵaŵasa kwakuthwa koyenda m'mbali mwa lilime, kofanana ndi kwa malambe kapena bwemba, kumene kumatulutsa malovu. Zinthu ziŵirizi kaŵirikaŵiri sizikhalira pamodzi. Mphesa zikapsa kwambiri kuti vinyo alemere, kuŵaŵasa kumatha ndipo vinyo amakhala wolefuka. Zikathyoledwa msanga kuti kuŵaŵasa kukhalepo, vinyo amakhala wamadzimadzi. Mphatso ya Timorasso njakuti amasunga zonse ziŵiri. M'botolo laling'ono ziŵirizi zikadakokanakokana, chilichonse chikumveka pachokha, ndipo pomeza pamatsala kutentha pang'ono kukhosi. M'botolo lalikulu zagwirizana, moti sungathe kuloza pamene china chathera ndi pamene china chayambira. Ukameza pamatsala kukoma konga kwa mchere ndi kuŵaŵa pang'ono konga kwa mtedza wokazinga ndi khungu lake, ndipo zimenezi zimakhalabe m'kamwa mpaka utaŵerenga pang'onopang'ono kufika pa makumi atatu. Kutalika kwa kukoma kotsalaku ndiwo muyeso wokhulupirika koposa wa vinyo, chifukwa fungo lingathe kukometsedwa ndi luso la wopanga, koma kutalikaku kumachokera ku mphesa zokha.

Poyerekeza ndi mnansi wake

Kuti chiweruzo chikhale cholungama, tiike pambali pake vinyo amene adamulanda malo. Kumwera kwa Tortona, mtunda wosatalika, kuli mudzi wa Gavi, kumene mphesa za Cortese zimapereka vinyo woyera wodziŵika m'maiko ambiri. Gavi ngwopepuka, wozizira kukhosi, wa kafungo ka ndimu ndi apulo wobiriŵira, ndipo mphamvu yake kaŵirikaŵiri imakhala pafupi ndi magawo 12 pa 100 aliwonse. Amakondweretsa pa kumwa koyamba, ndipo kumwa kwachisanu kumafanana ndi koyamba. Pa tsiku lotentha, munthu ali ndi ludzu ndi kansomba kakang'ono pa mbale, Gavi amapambana, ndipo palibe chifukwa chomunyozera. Koma Gavi wamba amanena zonse zimene ali nazo m'mphindi imodzi. Timorasso amasintha m'tambula momwemo, kotero kuti chimene wamva poyamba chakudya sichimene umamva pomaliza. Chikomekome cha mkuyu sichimkhudza, pakuti iye kukongola kwake kuli m'kati, ndipo kunja ndiye kosakopa.

Zofooka zake

Wotamanda chinthu osatchula chilema chake ndi wamalonda, sali woweruza. Timorasso ali ndi zilema zinai zimene sindingazibise.

Choyamba ndi mphamvu yake. Kaŵirikaŵiri imafika magawo 13.5 mpaka 14.5 pa 100, pamene moŵa wamba wa m'botolo uli ndi magawo pafupifupi 5. M'zaka zotentha kwambiri, monga zidaliri 2017 ndi 2022 ku Italy, shuga amakwera msanga m'mphesa, ndipo mlimi akachedwa kukolola masiku oŵerengeka, vinyo amaotcha kukhosi nkutaya ulemu wake. Kuzizira kwake kumanyenga, munthu nkumamwa ngati madzi. Tambula imodzi pa chakudya njokwanira. Wopitirira pamenepo salaŵanso kanthu, chifukwa choyamba kugona mwa munthu woledzera ndi lilime.

Chachiŵiri nchakuti amagulitsidwa asanakhwime. Mlimi ali ndi antchito ofuna malipiro ndipo sangasunge mabotolo zaka zisanu. Wogula naye amatsekula botolo tsiku lomwelo. Motero anthu ambiri amakumana ndi Timorasso pa msinkhu umene iye sanayambe kulankhula, nkupita akunena kuti mbiri yake njabodza. Botolo langa laling'ono, likadaweruzidwa lokha, ndikadati ndi vinyo wabwino, wolimba, koma wosaposa anzake ambiri a mtengo wotsikirapo.

Chachitatu nchakuti sakhululukira womusamala mosadziŵa. Akazizira ngati chakumwa cha ana, fungo lonse limatsekeka. Amafuna kuzizira kwa madzi a mumtsuko m'maŵa wa mwezi wa June, madigiri 12 mpaka 14, ndi tambula yotakata kukamwa. Safunanso kumwedwa payekha. Kwao amamumwa ndi nyama yankhumba yokonzedwa ndi mchere ya ku phiri la Giarolo, kapena ndi tchizi cha Montebore, chopangidwa ndi mkaka wa ng'ombe ndi wa nkhosa, chosanjikizana ngati keke yaukwati, chimene nacho chidasiya kupangidwa m'zaka za m'ma 1980 nkuukitsidwanso mu 1999. Pa zakudya zathu, angayenerane ndi chambo chootcha pa makala kapena nkhuku yachikuda yokazinga, pakuti kuŵaŵasa kwake kumatsuka mafuta m'kamwa. Tsabola wambiri ndiye mdani wake, chifukwa moto wa tsabola ndi moto wa vinyo zikakumana palibe chimene chimamveka.

Chachinai sichili m'botolo koma m'mbiri imene yayamba kumuzinga. Olemba za vinyo adampatsa dzina loti Barolo woyera, ndipo makampani otchuka a ku Barolo, monga Borgogno ndi Vietti, adabwera kudzalima ku Tortona. Kubwera kwao ndi umboni wakuti mbeuyi njaphindu, ndipo kwathandiza kuti dzina lake limveke kutali. Koma dzina lobwereka lili ndi ngozi yake. Limakweza mtengo wa botolo ndi wa munda, kotero kuti mwana wa mlimi wa pomwepo angalephere kugula chitunda cha pafupi ndi kwao. Limakopanso anthu kubzala paliponse, ngakhale m'malo achinyontho amene makolo ankaŵapeŵa, ndipo mphesa za m'malo otere zidzapereka vinyo wa dzina lomwelo wopanda mtima womwewo. Mbeu imene idapulumuka pa kunyozedwa iyenera tsopano kupulumuka pa kutamandidwa, ndipo sindikhulupirira kuti mayeso achiŵiriŵa ngopepuka kuposa oyamba aja.

Chigamulo

Nditaika zonsezi pa sikelo, chigamulo changa ndi ichi. Timorasso wa zaka ziŵiri ndi lonjezo chabe, ndipo amene alibe malo ozizira ndi amdima omusungira angachite bwino kugula Gavi nkusunga ndalama zake. Timorasso wa zaka zisanu kapena kuposerapo, wochokera pa chitunda chabwino ndi kwa mlimi wosathamangira zokolola zambiri, ayenera kuŵerengedwa pakati pa vinyo woyera wopambana wa ku Italy, ndipo ali ndi chimene ambiri otchuka alibe: ukamulaŵa kamodzi sungamusokoneze ndi wina. Sadzakondweretsa aliyense. Wokonda zotsekemera ndi zonunkhira maluŵa adzamuona ngati wouma mtima. Koma kukoma kwake nkoona, kochokera ku mbeu ndi dothi, kopanda zodzoladzola za migolo yatsopano.

Mwina ambiri a inu, aŵerengi, simudzakumana ndi botolo limeneli. Komabe funso limene alimi a ku Tortona adayankha molakwa kwa zaka pafupifupi 100 nafenso timaliyankha chaka ndi chaka pa nthaŵi yobzala. Iwo adayesa mbeu ndi muyeso umodzi wokha, wa kuchuluka kwa zokolola, ndipo pa muyeso umenewo adalondola. Chimene sadaŵerengere nchakuti mbeu ina ubwino wake umaoneka mochedwa, m'nkhokwe kapena pa lilime. Amai athu amadziŵa kuti chimanga chamakolo chimabereka pang'ono koma chimakonoleka bwino mumtondo ndipo anankafumbwe sachiloŵa msanga. Amadziŵanso mitundu ya mapira, maŵere, nzama ndi khobwe imene ikusoŵa m'midzi chifukwa palibe amene amaigula pa msika. Sindikunena kuti tisiye mbeu zobereka kwambiri, pakuti njala siidikira. Ndikungoti Timorasso adapezeka mu 1987 chifukwa panali mabanja oŵerengeka amene, pobzala Barbera ndi Cortese m'munda monse, adasiya mizere iŵiri itatu ya mbeu yakale kumapeto kwa munda. Akadazula yonse, Walter Massa sakadapeza chopatula, ndipo ife sitikadakhala ndi choweruza lero.